PHUNZIRO 6: MVULA YA MABINGU NDI MACHENJEZO A ZANYENGO

Cholinga cha phunziro

Tidziwe mmene mvula ya mabingu imayambira, mmene akatswiri amaionera isanafike, ndiponso udindo wathu chenjezo likaperekedwa.

Mvula ya mabingu imayamba bwanji?

Dzuwa likaomba kwambiri, mpweya wotentha ndi wachinyezi umakwera kumwamba. Kumeneko umazizira nkusanduka mtambo wautali, wotambalala pamwamba ngati bowa, umene umatha kupitirira makilomita 10. Mkati mwake madontho a madzi ndi matalala zimagundana, ndipo kugundanako kumabala mphamvu ya magetsi. Mphezi ndi mphamvu imeneyi. Siitumizidwa ndi munthu ai, choncho tisanenerane ufiti mbale akaombedwa.

Nyanja ya Chilwa ndi yosazama, ndipo mphepo ikaomba mafunde amadzuka msanga. Msodzi amene ali m'bwato pakati pa Kachulu ndi chilumba cha Chisi, kapena amene wagona m'zimbowera, alibe pothawira. Panyanja, iye ndiye chinthu chachitali chimene mphezi ingapeze.

Kodi akatswiri apeza chiyani?

Namondwe wamkulu amaoneka masiku angapo asanafike. Freddy anayambira kufupi ndi Australia mu February 2023, ndipo makina a m'mlengalenga anamutsata kwa mwezi wathunthu asanagwetse mapiri ndi kupha anthu mazanamazana m'chigawo chakumwera mu March. Koma mvula ya mabingu imatha kukula pa ola limodzi lokha, nkugwa ku Kachulu osafika ku Jali. Nchifukwa chake kulosera kwake nkovuta.

Komabe zinthu zikusintha. Mu December 2022 maiko a ku Ulaya anaponya m'mlengalenga makina a Meteosat atsopano amene amaona ching'aning'ani mu Africa yense usana ndi usiku. Kuno kwathu, ntchito ya M-CLIMES, imene inayamba mu 2017, inabweretsa zida zoyezera nyengo ndi zozindikira mphezi ku Nthambi ya Zanyengo. Pa nyanja ya Victoria, ofufuza anapeza kuti mikuntho yoopsa imakonda kubwera usiku, nthawi imene asodzi ali pamadzi. Kuyambira pamenepo machenjezo anayamba kupita ku madoko kudzera pa wailesi, pa foni ndi pa mbendera.

Udindo wathu

Chenjezo losafika kwa msodzi ndi lopanda ntchito. Mwa ichi:

1. Timvere za nyengo pa wailesi tisanalowe m'nyanja, ndipo wamva auze mnzake padoko.
2. Tikaona ching'aning'ani tiwerenge mpaka bingu limveke. Masekondi 3 ndi kilomita imodzi. Bingu likamveka tisanafike pa 30, ngozi ili pafupi.
3. Mphepo yozizira ikayamba mwadzidzidzi, tikocheze msanga.
4. Tisabisale pansi pa mtengo, ndipo tichoke m'munda wa mpunga. Tilowe m'nyumba.
5. Tidikire mphindi 30 bingu lomaliza litamveka.

Mafunso okambirana ku Mphakati

(a) Ndani m'mudzi mwathu amamva machenjezo, nanga ndani samva?
(b) Mwini bwato akakakamiza antchito ake kulowa m'nyanja chenjezo litaperekedwa, komiti ya padoko ichitepo chiyani?
(c) Tigwirizane njira imodzi, kaya belu, wenzulo kapena mbendera, yochenjezera anzathu mvula ya chaka chino isanayambe.