Phunziro 14: Sikelo Ikamasinthasintha

Tiwerenge

Mayi ena a kwa Lukwa anapita kuchipatala chifukwa cha mutu wosatha. Atawayeza, anawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Adokotala anawauza kuti achepetse mchere ndi mafuta, aziyenda ndithu, ndipo thupi litsikeko. M'buku lawo la kuchipatala munalembedwa makilogalamu 78.

Patapita sabata, mayiwo anapita kumsika wa Kasungu. Anapeza mnyamata ali ndi sikelo yopondapo, akulipiritsa. Atakwera, muvi unaloza pa 80. Mtima unawawa. Kunyumba, mwana wawo anabwereka sikelo ya batire. M'mawa inati 77, madzulo inati 79.

Tsiku la sikelo ya ana, anadikira mpaka anthu atachepa. Kenako anafunsa alangizi a zaumoyo.

"Alangizi, kodi ndikuonda kapena ndikunenepa? Sikelo iliyonse ikunena zake."

Alangizi anaseka pang'ono. "Amayi, si inu mlimi wa fodya? Nanga fodya wonyowa ndi wouma amalemera chimodzimodzi?"

"Iyayi. Wonyowa amalemera."

"Thupi lanunso n'chimodzimodzi. Khalani pansi ndikuuzeni."

Thupi limasintha pa tsiku

Gawo loposa theka la thupi la munthu ndi madzi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Mukamwa thobwa makapu awiri akuluakulu n'kudya nsima, zonsezo zimakwera nanu pa sikelo. Mukatuluka thukuta m'chigafa kapena mukapita kuchimbudzi, mumapepukako. N'chifukwa chake munthu mmodzi amatha kusiyana ndi kilogalamu imodzi kapena awiri pakati pa m'mawa ndi madzulo.

Mchere umasunga madzi m'thupi. Mukadya usipa wamchere kwambiri usiku, m'mawa sikelo ikwerako. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku. Amenewa ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Amayi ambiri amasunganso madzi akamayandikira kupita kumwezi. Madziwa amachoka okha.

Mafuta a m'thupi sabwera usiku umodzi, ndipo sachoka usiku umodzi.

Mmene sikelo imagwirira ntchito

Sikelo ya muvi ili ndi sipuling'i m'kati. Mukaponda, sipuling'i imakokeka, muvi n'kuzungulira. Ikakalamba kapena kuchita dzimbiri, siibwereranso bwino. Sikelo zambiri zotere zili ndi kagudumu kakang'ono kobwezera muvi pa ziro.

Sikelo ya batire ili ndi timiyendo tinayi. Kamwendo kalikonse kamamva kulemera, ndipo sikelo imaphatikiza zonse n'kulemba nambala. Kamwendo kamodzi kakakhala m'malere, nambala imalakwika. Pa mphasa, pa mchenga kapena pa dothi la mabampu, sikelo imanama. Batire ikafooka, nayonso imasokoneza.

Sikelo ziwiri sizigwirizana nthawi zonse. Alimi timadziwa kale zimenezi. Belo timaliyeza kumudzi, koma ku okushoni ya Chinkhoma amaliyezanso. Sikelo zogulira ndi kugulitsira malonda zimayenera kuyesedwa ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards. Sikelo ya m'nyumba palibe amaiyesa, kupatula mwini wake.

Mungathe kuiyesa chonchi. Kwerani, muone nambala. Kenako kweraninso mutanyamula chigubu cha madzi cha malita 5. Nambala iyenera kukwera ndi makilogalamu pafupifupi 5.

Kayezedwe koyenera

1. Gwiritsani ntchito sikelo imodzi yomweyo.
2. Iikeni pa simenti posalala, pamalo amodzi omwewo.
3. Onani kuti ili pa ziro musanakwere.
4. Dziyezeni m'mawa mutapita kuchimbudzi, musanadye kanthu.
5. Vulani nsapato ndi juzi. Ikani pansi chikwama.
6. Imani chilili, mapazi onse pakati. Musagwire khoma.
7. Lembani tsiku ndi nambala m'kope.

Musaweruze ndi nambala ya tsiku limodzi. Yerekezani sabata ndi sabata inzake, mwezi ndi mwezi unzake. Kutsika ndi theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata n'kokwanira. Ngati sikelo ili kutali, tengani chingwe. Yezani mimba molunjika pa mchombo, mumange mfundo. Pakatha mwezi yezaninso.

Mayi aja anatsatira malangizowa. Pakutha pa miyezi iwiri, kope lawo linaonetsa 75, ndipo mfundo ya chingwe inasuntha ndi zala ziwiri.

Chenjezo

Kuonda kwina ndi matenda. Ngati thupi likutha inu musakufuna, makamaka pamene mukutsokomola, kutuluka thukuta usiku, kapena kumva ludzu ndi kukodza pafupipafupi, pitani kuchipatala. Kungakhale chifuwa chachikulu, shuga kapena matenda ena. Pitaninso msanga ngati sikelo yakwera mwadzidzidzi pamene mapazi kapena nkhope zatupa. Mayi woyembekezera asayese kuchepetsa thupi.

Mawu oti tilembe

sikelo, muvi, ziro, lita, kilogalamu, mchere

Mafunso

1. Lita imodzi ya madzi imalemera bwanji?
2. N'chifukwa chiyani sikelo siyenera kuikidwa pa mphasa?
3. Tchulani zinthu ziwiri zimene zimasungitsa madzi m'thupi.
4. Ndi kuonda kotani kumene kumafunika kuchipatala?

Masamu

Sabata yoyamba bambo ena analemba 78, 79 ndi 77. Phatikizani manambalawa, mugawe ndi 3. Sabata yachiwiri analemba 78, 77 ndi 76. Chitaninso chimodzimodzi. Kodi bambowa atsika ndi makilogalamu angati?

Ntchito ya kunyumba

Jambulani mizere iwiri m'kope lanu. Pamwamba pa woyamba lembani "Tsiku", pa wachiwiri lembani "Makilogalamu". Mukapita kuchipatala, pemphani akuonetseni nambala yanu, muiwerenge nokha mokweza, ndipo muilembe ndi dzanja lanu.