Kutsukitsa Zithunzi Kotchipa: Zimene Wojambula ndi Mwini Mwambo Ayenera Kudziwa

Anthu akamaliza kukolola ndipo msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo, midzi ya kwa Kabudula, Kalolo, Malili ndi Khongoni imadzaza ndi miyambo. Ndi nyengo ya zinkhoswe, maukwati ndi kumanga ziliza, ndipo pa mwambo uliwonse sipalephera kupezeka mnyamata kapena mtsikana wa kamera pakhosi. Ntchito yojambula zithunzi yasanduka bizinesi yodalirika kwa achinyamata ambiri a ku Namitete, Nsaru, Mpingu ndi Nambuma.

Ambiri mwa ojambulawa alibe makina awoawo. Akajambula amakatsukitsa zithunzi pa kasitolo ka pamsika kapena kukwera minibasi kupita mumzinda wa Lilongwe, kumene amasaka malo a mtengo wotsika. Kutero si kulakwa, pakuti phindu la wojambula limakhala pa kusiyana kwa mtengo wotsukitsira ndi mtengo wogulitsira. Vuto limabwera pamene chithunzi cha ukwati chasuluka chaka chisanathe. Banja silidziwa kumene chinatsukidwa, ndipo dzina limene limaipa m'mudzi ndi la wojambula. Phunziro lino likuonetsa kuti malo otchipa angathe kutulutsa ntchito yabwino, pokhapokha ngati wojambula akudziwa makina amene malowo ali nawo, wakonza bwino zithunzi zake, ndiponso wayesa malowo asanawapatse ntchito yaikulu.

Makina atatu osiyana

Mawu akuti kutsuka zithunzi anachokera pa nthawi ya filimu, pamene pepala linkaviikidwadi m'mankhwala. Lero mawuwa akuimira njira zitatu zosiyana kwambiri.

Njira yoyamba ndi ya makina akuluakulu a mankhwala, monga Fuji Frontier ndi Noritsu. Makinawa amawalitsa chithunzi pa pepala lomva kuwala, kenako pepalalo limadutsa m'mankhwala ndi kuumitsidwa. Mitundu imakhala m'kati mwa pepala, choncho dontho la madzi siliisungunula. Nthawi zambiri kumbuyo kwa pepala lotere kumakhala dzina la kampani, monga Fujifilm kapena Kodak. Makinawa ndi odula ndipo amafuna magetsi okhazikika, n'chifukwa chake amapezeka m'mizinda. Chofooka chawo ndi mankhwala: akatha mphamvu, zithunzi zonse zimapendekera ku mtundu wobiriwira kapena wofiirira.

Njira yachiwiri ndi ya timakina totenthetsa riboni, monga Canon Selphy. Pepala limalowa ndi kutuluka kanayi. Maulendo atatu oyamba amaika mitundu, ndipo wachinayi umaika kachikuto koteteza ku madzi ndi zala. Timakina timeneti ndi timene ojambula ena amanyamula popita ku ukwati kuti agulitse zithunzi pomwepo alendo asanabalalike.

Njira yachitatu, yofala kwambiri m'misika ya kumidzi, ndi ya purinta ya inki, monga Epson L805. Chithunzi chake chimatuluka chowala mokopa, koma kukhalitsa kwake kumadalira inki ndi pepala. Inki yosungunuka m'madzi, makamaka yotchipa yosadziwika kumene yachokera, imasuluka msanga ikamaombedwa ndi dzuwa. Apa m'pamene mwambi wa chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere umapherezera, chifukwa pa tsiku loyamba chithunzi chotere sichisiyana ndi chabwino.

Zolakwika zoyambira kwa wojambula

Si zithunzi zonse zoipa zimene zimaipa chifukwa cha makina. Zambiri zimafika kotsukitsira zitaonongeka kale.

Chithunzi cha mufoni kapena m'kamera chimapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiselo, ndipo kuti chioneke bwino papepala pamafunika timadontho pafupifupi 300 pa inchi iliyonse. Chithunzi wamba cha mainchesi 4 ndi 6 chimafuna mapikiselo 1,200 ndi 1,800. Cha mainchesi 8 ndi 10 chimafuna 2,400 ndi 3,000, pamene chodzaza pepala la A4 chimafuna 2,480 ndi 3,508. Koma chithunzi chikatumizidwa pa WhatsApp mwa njira yamasiku onse chimachepetsedwa, ndipo kawirikawiri mbali yaitali imatsala ndi mapikiselo pafupifupi 1,600. Chotere chingapirire pa kapepala kakang'ono, koma chikakulitsidwa kuti chipachikidwe pakhoma, nkhope zimachita chimbuuzi. Wojambula wosamala amatumiza zithunzi ngati Document, kapena kupita nazo yekha pa fulashi kapena memore khadi.

Chachiwiri ndi kaumbidwe ka chithunzi. Makamera akuluakulu ambiri amajambula pa muyeso wa 3 kwa 2, umene umalowa ndendende pa pepala la 4 ndi 6. Mafoni ambiri amajambula pa 4 kwa 3, ndipo makina amadula pamwamba ndi pansi kuti chithunzi chidzaze pepalalo. Ndi mmene mutu wa ankhoswe kapena nsapato za mkwati zimasowera pa chithunzi. Pepala la 8 ndi 10 nalo limadula m'mbali chithunzi cha 3 kwa 2, kotero kuti pa chithunzi cha gulu amene anaima kumapeto amatsala kunja. Mankhwala ake ndi kusiya mpata m'mbali pojambula, ndi kudula yekha chithunzi molingana ndi pepala asanachipereke.

Chachitatu ndi kuwala. Galasi la foni limatulutsa kuwala kwakekwake, pamene pepala limangobweza kuwala kwa m'chipinda. Chithunzi chooneka bwino pa foni yowalitsidwa kwambiri chimatuluka chodera papepala. Komanso pa kamera yokhala ndi masankho a mitundu, wojambula asankhe sRGB, chifukwa ndi imene malo ambiri otsukira amagwiritsa ntchito. Chithunzi cha Adobe RGB chikatsukidwa pa makina osachizindikira chimatuluka chozimiririka.

Nkhope yakuda ndi diresi loyera

Makina ambiri amakonza okha kuwala ndi mitundu ya chithunzi chilichonse, ndipo wogwira ntchito wa changu amangowalola. Pa chithunzi cha ukwati pamakumana zinthu ziwiri zovuta: diresi loyera mbee ndi khungu lakuda. Makina akatsata diresi, nkhope zimamira mumdima. Akatsata nkhope, diresi limasanduka pepala loyera lopanda maluwa ake, ndipo khungu limatuwa ngati lapakidwa phulusa.

Vutoli lili ndi mbiri yake. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kampani ya Kodak inkatumiza kumalo otsukira zithunzi khadi loyesera mitundu, lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, limene linadziwika ndi dzina lakuti Shirley. Makina ankachunidwa kuti khungu la mayiyo lituluke bwino. Lorna Roth, katswiri wa pa yunivesite ya Concordia ku Canada, analemba m'chaka cha 2009 kuti ena mwa amene anakakamiza kampaniyo kusamala mitundu yodera anali opanga chokoleti ndi mipando yamatabwa, amene katundu wawo sankaoneka bwino pa zithunzi. Khadi loonetsa amayi a makungu osiyanasiyana linadzatuluka m'zaka za m'ma 1990.

Makamera a lero ndi abwino kuposa filimu ya nthawi imeneyo, komabe phunziro lake likadalipo: makina sadziwa khungu la munthu wa ku Nsaru monga mmene wojambula amalidziwira. Wojambula amene wakonza kale zithunzi zake auze wotsuka momveka bwino kuti asazisinthe. Ngati sanakonze, aime pambali pa kompyuta ndi kugwirizana naye pa chithunzi chimodzi asanatulutse zonse. Kuyeretsa khungu la munthu mpaka abale ake kumudabwa si ukatswiri.

Kuyesa malo asanapatsidwe ntchito

Safunsa anadya phula. Pali mayeso osavuta amene wojambula aliyense angachite ndi ndalama zochepa. Asankhe chithunzi chimodzi chokhala ndi nkhope, chovala choyera, chovala chakuda ndi chitenje cha mitundu yambiri. Achitsukitse pa malo atatu osiyana, ndipo kumbuyo kwa chilichonse alembe dzina la malo ndi tsiku.

Poyamba aziyale panja pamthunzi ndi kuona ngati choyera chili choyeradi, ngati tsitsi likusiyana ndi mdima wa kumbuyo, ndiponso ngati mulibe mizere yopingasa, imene imasonyeza kuti timabowo ta inki tatsekeka. Kenako adonthezere madzi pa ngodya ndi kupukuta ndi chala. Pomaliza adule chilichonse pakati, theka aike mu envulopu, theka linalo aliike pa zenera lolowa dzuwa. Pakatha mwezi umodzi, magawo awiriwo akalumikizidwa, malo a inki yosuluka amadziulula okha.

Mayesowa ayenera kubwerezedwa nthawi ndi nthawi, chifukwa malo otchipa amasintha inki, pepala ndi antchito malinga ndi mitengo ya katundu. Malo amene anachita bwino mu Meyi angathe kukhumudwitsa mu Okutobala. Pa ntchito yaikulu, kutulutsa chithunzi chimodzi choyamba ndi kuchiona bwino kumapulumutsa zithunzi mazana.

Mtengo weniweni wa chithunzi

Mtengo wolembedwa pakhoma la situdiyo si mtengo wonse. Wojambula wa ku Kabudula kapena Nambuma ayenera kuphatikizapo ulendo, tsiku limene wataya, ndi zithunzi zimene angafunike kubwereza. Mwachitsanzo, ngati ulendo wopita mumzinda ndi kubwerera utadya K12,000, munthu wonyamula zithunzi 20 waonjezera K600 pa chithunzi chilichonse, pamene wonyamula 200 waonjezera K60 yokha. N'chifukwa chake ojambula a pa msika umodzi amapindula akasonkhanitsa ntchito zawo ndi kutuma mmodzi, ndipo gulu lobweretsa ntchito yambiri limakhalanso ndi mphamvu ponenerera mtengo. Wa ku Mpingu, amene ali pafupi ndi mzinda pa msewu wa ku Mchinji, angathe kupita kawirikawiri, koma wa kutali ayenera kukonza ulendo umodzi wa ntchito zambiri.

Nzeru ina ndi kusiyanitsa ntchito. Zithunzi zing'onozing'ono za pa mafomu, kapena zoika mu lipoti la komiti ya chitukuko posonyeza mjigo, mlatho kapena mdadada wa sukulu, zingatsukidwe pafupi, malinga ngati zikuoneka bwino ndipo zisungidwa mufayilo. Koma chithunzi cha ukwati, cha ubatizo, kapena cha agogo amene mwina sadzajambulidwanso, chiyenera kupita ku makina amene anapambana mayeso, ngakhale mtengo utakwererapo. Wojambula woona mtima amauza kasitomala mitengo iwiriyi ndi kusiyana kwake, n'kumusiya asankhe akudziwa.

Nkhani ina yosayenera kuiwalika ndi chinsinsi cha anthu. Zithunzi zikakoperedwa pa kompyuta ya situdiyo zimatsalira pomwepo, ndipo zina zimapezeka zitapachikidwa pakhomo ngati zoitanira malonda eni ake osadziwa. Dziko lino lili ndi lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu, choncho wojambula aonetsetse kuti zithunzi zafufutidwa ntchito ikatha, makamaka za ana.

Udindo wa mwini mwambo

Banja lolemba wojambula lili ndi ufulu wofunsa kumene zithunzi zikatsukidwe ndi kuona zitsanzo zakale, za chaka chimodzi kapena ziwiri zapitazo, osati za dzulo. Mgwirizano ulembedwe, ngakhale m'kope wamba, wosonyeza chiwerengero cha zithunzi, kukula kwake, mtengo ndi tsiku lolandira, ndipo risiti isungidwe. Pakabuka kusamvana kumene kwalephereka pokambirana, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula. Chofunika koposa ndi kupempha zithunzi zenizeni pa fulashi kapena memore khadi, chifukwa pepala likaonongeka chithunzi chingatsukidwenso.

Kasungidwe nako n'kofunika. Adani a chithunzi ndi dzuwa, chinyontho cha nyengo ya dzinja, utsi wa kukhitchini ndi kutentha kwa pansi pa malata. Chithunzi chipachikidwe pa khoma losaombedwa ndi dzuwa, ndipo mufulemu chisakhudze galasi, chifukwa chinyontho chimachimatirira kotero kuti pochichotsa chimasupuka. Kumata pulasitiki kumateteza ku madzi ndi dothi, koma sikuletsa inki yoipa kusuluka, ndipo pulasitikiyo ikamatidwa sichotsekanso. Chithunzi chakale chimene chilipo chimodzi chokha chisamatidwe pulasitiki chisanajambulidwenso.

Mafunso okambirana m'magulu a achinyamata ndi m'makomiti a chitukuko

1. Kodi malo otsukira zithunzi a pa msika wapafupi amagwiritsa ntchito njira iti mwa zitatu zija?

2. Ndi ojambula angati m'dera amene angasonkhanitse ntchito zawo, ndipo angapulumutse ndalama zingati pa mwezi?

3. Kodi zithunzi za ntchito za chitukuko za m'mudzi zimasungidwa kuti, ndipo ndani ali ndi zenizeni zake komiti ikasintha?

4. Ndi mfundo ziti zoyenera kulembedwa mu mgwirizano wa banja ndi wojambula mwambo usanachitike?