Mawu Akamathetheka Kapena Kusemphana ndi Milomo mu Kanema

Wojambula kanema wa ukwati amaimika kamera kutsogolo, rekoda n'kuilumikiza ku mikisa ya m'tchalitchi, nyimbo zokometsera n'kuzitenga pa CD. Akaziphatikiza pa kompyuta, mawu a abusa ayamba kuthetheka, kapena mkwatibwi akutsegula pakamwa mawu ake atamveka kale. Ambiri amathamangira kudula ndi kukoka mawuwo kuti alondole chithunzi, pamene gwero la vuto nthawi zina ndi nambala imodzi, sample rate, yomwe ndi kuchuluka kwa tizigawo ta mawu timene makina amatapa pa sekondi iliyonse. CD, imene Sony ndi Philips anatulutsa mu 1982, imayendera 44,100, pomwe DVD ndi makamera ambiri amayendera 48,000. Fayilo ya 44,100 ikawerengedwa ngati ya 48,000 imathamanga, moti mawu a ola lathunthu amatha pa mphindi 55, ndipo mawu a munthu amamveka okwererapo pang'ono. Mankhwala ake ndi kusandutsa mawu onse kukhala 48,000 musanadule kalikonse.

Yambani ndi kupeza pamene pali chilema. Tulutsani kachidutswa ka masekondi 30 mukamvetsere pa foni. Kakamveka bwino, mafayilo anu alibe mlandu, zimene zasemphana ndi pulogalamu yanu yokonzera kanema ndi kompyuta. Pa Windows lowani mu Sound, musankhe sipika yanu, pa Advanced muike 48000 Hz. Pa Mac zimenezi zili mu Audio MIDI Setup. Kuthetheka kukamvekanso pa foni, tsegulani fayilo iliyonse mu MediaInfo, pulogalamu yaulere, mulembe nambala yake papepala. Imene siili pa 48,000 itsegulireni mu Audacity, mupite pa Tracks, musankhe Resample, muike 48000, kenako muisunge ngati WAV ya 48000, yoyambayo osaifufuta. Apa m'pamene ambiri amapunthwa, chifukwa pa kamenyu ka pambali pa mzere wa mawu palinso Rate. Imeneyo imangosintha chizindikiro, tizigawo n'kukhala tomwe tija, ndiye mawu amathamanga kapena kukwawa. Ntchito yake ndi imodzi yokha, kukonza fayilo imene inalembedwa nambala yolakwika. Amene ali ndi mafayilo ambiri angagwiritse ntchito ffmpeg polemba ffmpeg -i mawu.mp3 -ar 48000 mawu48.wav. Mukatero onetsetsani kuti pulojekiti yanu mu Premiere Pro kapena DaVinci Resolve ili pa 48000, muikemo mafayilo atsopanowo, ndipo muone milomo koyambirira ndi kumapeto kwa kanema, chifukwa kusemphana kumakula pang'onopang'ono.

Wina anena kuti mapulogalamu a masiku ano amasintha okha nambalayi. N'zoona, ndipo nthawi zambiri amachita bwino. Koma m'mapulogalamu ena kusinthako kumachitika kanema akusewera, kompyuta itasenza kale katundu wa zithunzi, ndipo pa kompyuta yofooka kumangowonjezera kuthetheka. Fayilo yolembedwa molakwika nayonso pulogalamu imangoikhulupirira. Mphindi zisanu zosinthira fayilo n'zotchipa poyerekeza ndi usiku wonse wosakasaka vuto eni ukwati akudikira. Winanso aopa kuti kusintha kuwononga kukoma kwa nyimbo. Khutu la munthu limalekeza cha pa 20,000 Hz, pamene fayilo ya 44,100 imasunga mawu mpaka 22,050 Hz. Poikweza kufika pa 48,000 simuwonjezera kukoma, komanso simutaya chimene khutu lingamve, bola musinthe kamodzi kokha kuchokera pa fayilo yoyambirira.

Pali zilema ziwiri zimene njirayi siingachize. Mawu amene anasweka pojambula chifukwa voliyumu inakwera mopitirira adzakhalabe osweka. Kanema wa pa foni nayenso amasinthasintha liwiro la zithunzi, ndiye milomo imasemphana ngakhale nambala zonse zili 48,000; ameneyo mudutsitseni mu HandBrake, musankhe Constant Framerate musanamuike pa pulojekiti. Ndipo pa ntchito yotsatira, muike kamera ndi rekoda pa 48,000 musanachoke pakhomo.