Ngalande za Mfumu Lewanika

Mau atsopano: ngalande, cigwa, nkhafi, kusefukira

Werengani nkhani iyi.

Pa Ciweru ndinapita ndi amai ku msika wa Soweto. Usiku kunagwa mvula yambiri, ndipo paliponse panali matope. Ngalande ya m'mbali mwa mseu inali itatsekeka ndi mapepala ndi mabotolo. Madzi akuda anali kulowa pansi pa matebulo a ogulitsa.

Tinaima pa ambuya ena ogulitsa mpunga wa ku Mongu. Iwo anali atakweza matumba ao pa njerwa kuti asanyowe.

"Mwacoma bwanji, ambuya?" anatero amai. "Madzi awa sakuopsani?"

"Iai, mwana wanga," anaseka ambuya. "Ine ndinakulira m'madzi. Cimene cindipweteka mtima ndi ngalande yotsekekayi. Kwathu ngalande ndi cuma."

"Cuma bwanji, ambuya?" ndinafunsa ine.

Ambuya anandikhazika pa thumba la mpunga nayamba kufotokoza.

"Kwathu ndi kutali, pafupifupi makilomita 600 kucokera kuno ku Lusaka. Kuli cigwa cacikulu ca mtsinje wa Zambezi. Caka ndi caka Zambezi imasefukira, cigwa conse cimakhala ngati nyanja. Ndiye cifukwa cake Alozi amamanga midzi yao pa zitunda.

"Kale kunali mfumu dzina lake Lewanika. Inalowa ufumu mu 1878 ndipo inamwalira mu 1916. Inalamula anthu kukumba ngalande zitalizitali m'cigwamo. Makina kunalibe, mdzukulu wanga. Anthu anakumba ndi makasu, dzuwa lili pamutu. Inali nchito yowawa, ndipo mfumu ikalamula panalibe wokana."

"Nanga anazikumbiranji?"

"Zina zinali zocotsa madzi m'madambo kuti anthu alime. Zina zinali njira za mabwato. Ife ngalande ndiyo mseu wathu. Nsomba, nkhuni, ngakhale wodwala wopita ku cipatala, zonse zimayenda pa bwato.

"Ngalande ina yochuka ndi Mwayowamo. Madzi akadzaza, m'mwezi wa Marichi kapena Epulo, mfumu yathu Litunga imasamuka ku Lealui kupita ku Limulunga kumtunda. Mwambo umenewu ndi Kuomboka, kutanthauza kutuluka m'madzi. Litunga imakwera bwato lalikulu lochedwa Nalikwanda, la mizere yakuda ndi yoyera. Pamwamba pake pali cifanizo ca njovu. Amuna ambiri amapalasa ndi nkhafi, ng'oma zili kulira. Ha! Ukanaona wekha!"

Kenaka ambuya anakhala cete pang'ono.

"Masiku ano ngalande zina zadzala mcenga ndi udzu. Zikatsekeka, madzi amakhalitsa m'minda ndipo mbeu zimaola. Anthu akapanda kuzilambula, ana anga adzalima kuti?"

Amai anagula mpunga ndipo tinatsazika. Pobwerera ku Kabwata tinadutsanso pa ngalande ija. Anyamata awiri anali kucotsamo mabotolo ndi fosholo, ndipo madzi anali atayamba kuyenda.

Yankhani mafunso awa.

1. Kodi ngalande ya ku Soweto inatsekeka ndi ciani?
2. Ndani analamula anthu kukumba ngalande m'cigwa ca Zambezi?
3. Chulani nchito ziwiri za ngalande zimenezo.
4. Kodi liu lakuti Kuomboka litanthauza ciani?
5. Jambulani Nalikwanda ndi kulemba ciganizo cimodzi pansi pake.