Namwino ankawerenga madontho a soro: kodi kunali kuumira?

A Dokotala,

Mu June mwana wanga wa zaka 2 anatentha thupi masiku awiri. Tsiku lachitatu anasiya kuyamwa, n'kungoti lefu, manja ndi mapazi zili zii ngati mwala wa kumtsinje. Apongozi anati ndi chisanu chabe, paja kuno June sasewera. Bambo ake atabwerako kudimba la mbatatesi tinakwera njinga yamoto mpaka kuchipatala, komwe ndinakhala pabenchi pafupifupi maola awiri. Namwino wina atamuona anachita kundilanda mwanayo, kumubaya jakisoni, kumuika soro. Koma soroyo ankachita kuwerenga madontho, maso ali pa wotchi. Ndinapempha kuti aitsegule ithamange, anakana. Mwana anachira, ndikuthokoza Mulungu, koma mtima sunakhazikikebe. Kodi kunali kuumira mankhwala?

Mayi wa ku Dómuè

Mayi,

Namwino ameneyo mukadzakumana naye pamsika mudzamupatse moni wa manja awiri.

Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi chimene ife timati septic shock. Tizilombo tikafalikira m'magazi, kaya tayambira pa chibayo kapena pa bala, thupi limalimbana nato mopyola muyeso mpaka mitsempha kulefuka ndi kuyamba kuchucha. Likaona kuti zavuta, limathamangitsira magazi kumtima ndi kuubongo, n'chifukwa chake mutu umatentha koma manja ali ozizira. Malungo aakulu nawonso amabwera ndi nkhope yomweyi.

Ndivomere kuti chimene munkapemphacho ndi chimene ifenso tinaphunzitsidwa kale: mwana wotere mutsanulireni soro (anzathu a ku Dedza amati dripu) mwachangu. Zinasintha mu 2011, atatuluka kafukufuku wotchedwa FEAST amene anatsogolera Kathryn Maitland m'zipatala za ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, pa ana oposa 3,000. Mwa ana 100 alionse amene anathiridwa madzi ambiri mofulumira, pafupifupi 11 anamwalira pasanathe masiku awiri. Mwa amene anapatsidwa pang'onopang'ono anamwalira 7. Ochita kafukufukuwo anadabwa okha, ndipo anauimitsa usanathe. Mtima wotopa, makamaka wa mwana wochepa magazi kapena wonyentchera, sukhoza kunyamula madzi obwera ngati chigumula, ndipo zipatala zathu za kumidzi zilibe makina opumira mwana zinthu zikatembenuka.

Mu 2016 bungwe la WHO linakonzanso malangizo. Madzi ofulumirako amaperekedwa kwa mwana amene ali ndi zizindikiro zitatu pamodzi: manja ozizira, magazi ochedwa kubwerera pachikhadabo, ndi kugunda kwa mtsempha kofooka koma kothamanga. Ngakhale pamenepo muyeso wake ndi 10 mpaka 20 ml pa kilogalamu, kwa mphindi 30 mpaka 60. Mwana wa makilogalamu 10 ndiye kuti 100 mpaka 200 ml, kapu ya tiyi yosadzaza n'komwe. Kenaka timamuyezanso tisanawonjezere. Wotsegula m'mimba mpaka kuuma thupi ali ndi muyeso wina.

Chimene chandiwawa ine m'kalata yanu si madonthowo ayi, ndi maola awiri a pabenchi aja. Malangizo amati mwana wotere alandire mankhwala opha tizilombo, monga ceftriaxone, kapena ampicillin pamodzi ndi gentamicin, pasanathe ola limodzi chimuzindikirireni. Mu ola lomwelo ayezedwe shuga, malungo ndi kuchuluka kwa magazi, apatsidwe mpweya wa okosijeni, ndiponso jakisoni wa artesunate ngati malungo apezeka. Zonsezi zinalembedwa, ndipo m'zipatala zambiri zinamatidwa pakhoma. Pamene timalepherera ndi pakhomo, pomwe amene wafika koyamba ndiye amaonedwa koyamba. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre, Elizabeth Molyneux ndi anzake anaika munthu wophunzitsidwa kuti aziyang'ana mwana aliyense akangofika ndi kulowetsa wodwalitsitsa patsogolo, ndipo imfa za ana ogonekedwa zinatsika kwambiri popanda makina odula. Ife ogwira ntchito m'zipatala za Angónia, kuyambira ku Ulongué mpaka kumidzi, tizidzifunsa kuti m'mawa uno amene akuyenda pamzere kusuzumira ana kumbuyo ndani.

Inunso musadzakhalenso pabenchi ndi mwana wotere chifukwa cha ulemu. Pitani molunjika kwa wovala yunifolomu aliyense, munene kuti: "Mwana sakuyamwa, sakudzuka, manja azizira." Wokomoka, wopuma mobanika kapena wosanza chilichonse, chimodzimodzi. Ngati wazaumoyo wa m'mudzi ali pafupi ndi msewu muonetseni mwanayo akupatseni kalata yopitira kuchipatala, koma musamudikire mpaka madzulo.

Apongozi musawaimbe mlandu, chisanu cha kuno chimanamiza ngakhale ife. Muwaonetse kayezedwe aka. Fungatirani kadzanja ka mwana m'manja mwanu katenthe pang'ono, dinikizani chikhadabo mpaka chiyere, siyani, n'kuyamba kuwerenga. Mukafika pa 3 chisanafiire, itanani wa njinga yamoto.