Kompyuta ya pa famu yasiya kugwira ntchito yake ya usiku

Kalata iyi yachokera pa famu ina ya fodya kufupi ndi Mvurwi, ku Mashonaland Central. Olemba ndi a kalaliki. Akuti kompyuta ya mu ofesi inkakopera yokha kaundula wa malipiro a antchito ku seva usiku uliwonse, koma masiku ano kukacha akungopeza uthenga woti "logon failure".

Bambo, mtima m'malo, makinawo sanafe. Koma musanagwire china chilichonse, koperani kaundulayo pa flash lero lomwe. Muli thukuta la anthu mmenemo, lisatayike.

Tsono ndikufunseni: simunasinthe password posachedwapa? Task Scheduler ya pa Windows imasunga password imene munaipatsa tsiku lomwe munkakonza ntchitoyo. Inu mukasintha, iyo imapitabe ndi kiyi wakale, loko n'kukana. Tsegulani Task Scheduler, dinani kawiri pa ntchitoyo, onetsetsani kuti mwasankha "Run whether user is logged on or not", kenako OK. Ikafunsa password, lembani yatsopanoyo. Mukatero dinani Run pompopompo muone ngati yayenda, musadikire usiku.

Zikakanikabe, yang'anani wotchi ya kompyutayo. M'kati muli kabatire kozungulira ka CR2032. Kakatha mphamvu, magetsi akangothima nthawi imasokonekera, ndipo seva ya Windows ya domain imakana makina amene wotchi yake yasemphana nayo kupitirira mphindi 5.

Ngati ntchitoyo imatumizanso malipoti pa Gmail, dziwani kuti kuyambira mu 2022 Google inaleka kulandira password wamba kuchokera ku mapulogalamu oterewa. Yatsani 2-Step Verification, mupange app password, muyike imeneyo. Mutilemberenso, bambo, timve mmene zayendera.