Kusunga Ubwenzi Pamene Mkangano Ubuka

KWA zaka zambiri, mabanja a m'nyumba zakale za Sakubva, mumzinda wa Mutare, Zimbabwe, akhala akugaŵana mpopi umodzi. Pamalo othithikana motero, chidebe chokankhidwa pamzere chingathetse ubwenzi wa nthaŵi yaitali. Kodi nchiyani chimene chingautetezere?

2 Talingalirani za Paulo ndi Barnaba. Iwo anakangana kowopsa ponena za kutenga Marko paulendo wawo, kwakuti analekana. (Machitidwe 15:36-40) Komabe, Paulo sanasunge chakukhosi. Pambuyo pake anapempha Timoteo kudza ndi Marko yemweyo, akumamuona kukhala wothandiza.—2 Timoteo 4:11.

3 Chotero, mnansi akakulakwirani, mfikireni panokha mkwiyo utaphwa, musanauze ena. Nkhani yofalitsidwa pampopi imavuta kuithetsa, popeza aliyense amayamba kutetezera dzina lake pamaso pa anthu. Yambani mwa kumvetsera. Mwinamwake iye anali kuthamangira mwana wodwala. Kodi malo pamzere angakhaledi amtengo wapatali kuposa bwenzi?

1. Kodi nchiyani chingawononge ubwenzi?
2, 3. Kodi tingatsanzire motani Paulo pamene talakwiridwa?